Kutchera zingwe zisanu kumbuyo kwa boti pa nyanja yamchere

Mwana wa achemwali anga anachoka kuno ku Limbuli chaka chatha. Panopa ali ku Richards Bay, ku South Africa, ndipo wapeza ntchito pa boti lotenga alendo okawedza pa nyanja yamchere. Sabata yake yachiwiri anandiimbira usiku, mawu ali pansi. "Malume, lero zingwe zinayi zinakolana. Tadula ziwiri, nyambo imodzi yapita. Abwana sanandiyankhulenso mpaka kumtunda." Ndinamufunsa kuti anayamba kutulutsa chingwe chiti. Anati chapafupi. Pomwepo ndinadziwa pamene panayambira vuto.

Ntchito imeneyi ndinaigwira zaka zingapo ku Vilankulo, m'chigawo cha Inhambane ku Mozambique, moyang'anizana ndi zilumba za Bazaruto. Ndinapitako ndikudziwa kuwedza kwa kwathu kuno: nsungwi, twayini, nyongolotsi, n'kukhala pamwala m'mbali mwa Ruo kudikira kuti igwedeze. Kumeneko ndinapeza kuti boti siliima. Limangoyenda, nyambo zikukokedwa kumbuyo ngati tinsomba tothawa, ndipo nsomba zikuluzikulu monga tuna, dorado, wahoo, sailfish ndi couta, imene ku Mozambique amati serra, zimathamangitsa n'kugwira. Kuwedza kotereku amakutcha trolling. Chingwe chimodzi aliyense angakoke. Chimene mwini boti amakulipirirani ndi kukoka zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, kuyambira mmawa mpaka masana, osakolana. Zimene ndinamuuza mnyamatayo usiku umenewo ndazilemba pano kuti achimwene ena a ku Mulanje ndi Thyolo amene akathere pa maboti asakaphunzire ndi manyazi.

Musanawerenge zina zonse, gwirani ichi. Chingwe chilichonse chiyenera kusiyana ndi chinzake pa zinthu zitatu: kutalika kwake kuchokera pa boti, pamene chikuchokera kaya ndi m'mwamba kapena m'munsi, ndi kuya kumene nyambo yake ikuyenda. Zingwe ziwiri zikafanana pa zonse zitatuzi, zikumana basi, kaya ndi pokhota kaya ndi mphepo.

Ntchito imayambira pamtunda

Musadikire kufika pakati pa nyanja kuti muyambe kumanga mfundo. Boti likamagwedezeka, inu mutawerama maso ali pa kamfundo, m'mimba mumatembenuka msanga, makamaka ife amene tinakulira m'tsinde mwa phiri. Zomanga zonse mangani dzulo lake madzulo, kapena mbandakucha boti lisanalowe m'madzi.

Yambani ndi chingwe. Kokani mamita 10 oyambirira, muziwadutsitsa pakati pa zala. Mukamva pokhakhala, dulani pamenepo, mumangenso. Yang'ananinso mphete za pandodo, chifukwa yosweka mkati imadya chingwe mwakachetechete mpaka tsiku la nsomba yaikulu. Zingwe zimadziwika ndi mphamvu imene zimadukira: 10 kg, 15 kg, 24 kg, 37 kg, mpaka kupitirira. Pa boti la mamita 6 kufika 8 mudzakumana kwambiri ndi za 15 kg ndi 24 kg.

Kenako buleki. Reel, gudumu lokulungira chingwe lija, ili ndi buleki mkati, imene pa boti amati drag. Nsomba ikakoka mwamphamvu, buleki imalola chingwe kutuluka m'malo moduka. Apa ndikupemphani, musayese ndi dzanja n'kunena kuti zili bwino. Tengani sikelo yokoleka, yonga ija mavenda amayezera nandolo pamsika. Chingwe chidutse m'mphete zonse, mnzanu agwire ndodo moimika ngati ali ndi nsomba, inu mukoleke sikelo kunsonga kwa chingwe n'kumakoka mukuyenda chambuyo. Werengani nambala pamene chingwe chayamba kutuluka. Ifike gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya chingwecho: 8 kg pa chingwe cha 24 kg, 5 kg pa cha 15 kg. Ngati alendo ake ndi ongoyamba kumene, tsitsani kufika gawo limodzi mwa anayi. Musanayeze, kokani chingwe kangapo kuti buleki itenthe, chifukwa yozizira imanama. Ndipo sungani ichi m'mutu: chingwe chikamachepa pa reel, buleki imalimba yokha. Nsomba ikathawa ndi chingwe chambiri, mlendo amafuna kumanga buleki kuti aiimitse. Mugwireni dzanja mwaulemu. Nthawi imeneyo ndi yomasula pang'ono, osati yomanga.

Pakati pa chingwe ndi nyambo pamakhala swivel, kachitsulo kozungulira koletsa chingwe kupotana, kenako chingwe chochindikala chimene amati leader. Wahoo ndi couta zili ndi mano ngati lezala, ndiye pa izo pamafunika waya pafupi ndi mbedza. Tuna ili ndi maso akuthwa ndipo kawirikawiri imakana nyambo ya waya, imafuna nayiloni. N'chifukwa chake dzulo lake muzifunsa a kaputeni kuti mawa tikufuna nsomba yanji. Swivel ikhale yakuda. Yonyezimira wahoo amaiyesa kansomba, n'kuluma pomwepo, chingwe n'kuduka.

Mbedza iliyonse muiyese pa chikhadabo. Ikamatsetsereka osakanda, nolani. Ndodo iliyonse imangiriridwe ku boti ndi kachingwe kokhala ndi chokolekera, chifukwa ndodo ndi reel yake zingapose malipiro anu a miyezi ingapo, ndipo nyanja sibweza.

Chomaliza pamtunda, chimene ambiri amachinyozera: yezani pamchenga mtunda wa chingwe chilichonse, muike chizindikiro pa chingwecho ndi kaulusi kapena inki yosafufutika. Pa nyanja, dzuwa likuthobwa m'maso, mamita 30 ndi mamita 45 amaoneka chimodzimodzi.

Malo asanu ndi maina ake

Ndikamati kumanzere kapena kumanja, ndikunena kwa munthu woyang'ana kumene boti likupita. Maina a malowa ndawasiya mmene amatchulidwira pa boti, chifukwa ndi amene a kaputeni adzakukuwireni, ndipo sadzakhala ndi nthawi yomasulira.

Boti likamayenda limasiya thovu loyera pakati, ndi mafunde otsatizana kumbuyo, ondondozana ngati mizere ya m'munda wa tiyi. Mafunde amenewo ndiwo tepi yathu yoyezera. Timawerenga kuchokera pa boti: loyamba, lachiwiri, lachitatu, choncho.

Pa ngodya ziwiri za kumbuyo pamachokera zingwe ziwiri zotsika. Cha kumanzere ndicho chachifupi pa zonse, short corner, pa funde lachiwiri kapena lachitatu, mamita 12 kufika 15. Cha kumanja, long corner, chipitirire ndi funde limodzi, cha m'ma 20. Ndiye pali mitengo iwiri yaitali yotambasukira m'mbali mwa boti ngati nyanga, outrigger. Ntchito yake ndi kunyamula chingwe kuchiika m'mwamba ndi kunja, kuti nyambo iyende m'madzi oyera kunja kwa thovu. Cha kumanzere, short rigger, chikhale cha m'ma 30. Cha kumanja, long rigger, mamita 40 kufika 45. Chachisanu ndi shotgun, chochokera pakati penipeni, pa choimikira ndodo chapamwamba kuposa zonse, ndipo chimapita kutali, mamita 70 kapena kupitirira.

Mwaona kuti mbali yamanzere ndi ya zazifupi, yamanja ya zazitali, ndipo chingwe chikamatalika chimachokeranso pamwamba. Izi si zokongoletsa ayi. Chachitali chochokera m'mwamba chimadutsa pamwamba pa chachifupi chochokera m'munsi, osachikhudza. Mamita ndatchulawa ndi poyambira chabe. Boti lililonse lili ndi mafunde ake malinga ndi kukula kwake ndi injini zake, ndipo a kaputeni ena amatembenuza mbali. Chosasintha ndi kusiyanitsa kuja.

Nyambo nazonso zili ndi malo ake. Pa ngodya ikani zomira, zija zooneka ngati nsomba zokhala ndi mlomo kutsogolo, monga Rapala kapena Halco. Mlomowo umazikokera pansi, ndiye zimayenda kunsi kwa thovu ndi kunsi kwa zinzake zonse. Ziwirizo zisakhale zomira mofanana: yozama kwambiri ikhale pa short corner. Pa outrigger ikani za siketi, za mutu wolimba ndi timizere ta pulasitiki kumbuyo, zimene zimayenda pamwamba pa madzi. Yomira musaikweze pa outrigger, imakoka mwamphamvu ndipo imangothothoka pa chopanira chimene chimagwira chingwe pa mtengowo. Pa shotgun pamayenera kanyambo kakang'ono koyenda mowongoka, ka nthenga kapena ka mutu wosongoka. Kameneka nthawi zambiri ndi kamene kamagwira tuna yamantha yosafuna kuyandikira phokoso la injini.

Ngati boti lilibe outrigger, musakakamize zisanu. Zitatu zikwana: ngodya ziwiri ndi shotgun.

Kutulutsa: chakutali choyamba

Apa ndi pamene anagwera mnyamata uja. Musatulutse kanthu boti lisanafike pa liwiro lake ndi kuwongoka. Pa nyambo zopangazi liwiro ndi ma knot 6 kufika 8 pa GPS, kutanthauza makilomita 11 kufika 15 pa ola, ngati wa kabaza amene sakuthamangira kanthu. Uzani a kaputeni kuti mukuyamba, kuti asakhote.

Nyambo iliyonse, musanaitumize, iviikeni pambali pa boti muione mmene ikusambira. Yomira izinjenjemera ikuyenda mowongoka. Ikamathawira mbali imodzi kapena kudumpha, ichotseni, chifukwa imeneyo ndi imene idzapite kukakola zinzake. Ya siketi ikhale yosakulungana ndi mbedza.

Tsopano yambani ndi shotgun. Masulani buleki, chala chachikulu chili pa chingwe cha pa reel kuti isazungulire mopitirira n'kusokoneza chingwe, mutulutse mpaka pa chizindikiro. Bwezerani buleki pamalo munayeza paja, tcherani kolira kaja kamene kamachita phokoso chingwe chikamatuluka, ikani ndodo pamalo pake, kolekani kachingwe koteteza. Zinthu zinayizi muzizichita pa ndodo iliyonse mosadumpha, mpaka manja azolowere. Kenako long rigger, kenako short rigger, kenako long corner, n'kumalizira short corner.

Chifukwa chake n'chapafupi. Mukayamba ndi chachifupi, nyambo iliyonse yotsatira iyenera kudutsa pambali pake popita kumalo ake, ndipo ili m'thovu lowinduka, chingwe chili lendelende. Mukayamba ndi chakutali, kumbuyo kwa boti kumakhala kopanda kanthu nthawi iliyonse mukutulutsa china. Pobweza ndi motembenuza: chachifupi choyamba, chakutali pomaliza.

Zingwe za pa ngodya zitsitseni. Ndodo ikaima, chingwe chimachokera kunsonga, m'mwamba, ndipo chimayandikira njira ya zingwe za outrigger. Ngati boti lili ndi chopanira m'munsi kumbuyoko, panitsani pamenepo. Ngati palibe, kulungani kalabala pa chingwe n'kukakoleka pa chogwirira cha reel. Nsomba ikagwira, kalabala kamaduka, chingwe n'kubwerera kunsonga.

Pa outrigger khalani odekha

Outrigger ili ndi chingwe chake chozungulira ngati cha mbendera ya pasukulu, ndipo pa chingwecho pali chopanira. Tulutsani nyambo kufika pafupi ndi chizindikiro, gwirani chingwe cha ndodo, chipotoleni kangapo kuti chipange kadiso, kadisoko mulowetse m'chopanira. Ena amakulunga kalabala pa chingwe n'kukoleka kalabalako, zonse zimagwira. Kenako kwezani pang'onopang'ono, dzanja lina likumasula chingwe pa reel kuti chisathothoke panjira.

Chopanira chili ndi pomangira. Chikalimba kwambiri, nsomba yaing'ono imakokedwa osachithothola, kapena chingwe chimaduka pa yaikulu. Chikalefuka, funde lililonse limachigwetsa, inu n'kumangokweza tsiku lonse. Yesani ndi dzanja: chizithothoka mukakoka mwadzidzidzi, koma chizipirira kukoka kwa nyambo.

Mukakweza, kulungani chingwe chotsala pakati pa nsonga ya ndodo ndi chopanira kuti chisalendewere, ndipo yang'anani kunsonga. Mphepo imakonda kukulunga chingwe cholendewera pa mphete yomaliza. Mwezi wanga woyamba ndinataya nsomba motero. Sailfish inagwira long rigger, chopanira chinathothoka bwinobwino, koma chingwe chinali chitazungulira nsonga kamodzi kokha. Reel sinalire n'komwe, tinangomva thwa. Mlendo amene anali atadikira kuyambira mmawa anakhala pansi osanena kanthu, ndipo kukhala chete kwakeko ndimakukumbukira mpaka lero. Kuyambira tsiku limenelo, ndikadutsa pafupi ndi ndodo iliyonse maso amayamba apita kunsonga.

Zonse zikatuluka, konzani malo a nyambo za siketi. Iliyonse ikhale pamimba pa funde, mbali yoyang'ana ku boti, ngati ikutsetsereka, osati kumsana kwake. Yoyenda bwino imatulukira pamwamba, n'kumeza mpweya, n'kumira ikusiya mchira wa thovu, n'kutulukanso pakapita masekondi ochepa. Ikamangodumphadumpha m'mwamba, itulutseni pang'ono kapena tsitsani chopanira. Ikangomira osaonekanso, kulungani pang'ono. Nthawi zina mkono umodzi wa chingwe ndi umene umasiyanitsa nyambo yakufa ndi yamoyo.

Maso kumbuyo

A kaputeni amayang'ana kutsogolo: mbalame zogwera m'madzi, pamene madzi obiriwira akumana ndi a buluu, chipika choyandama chimene dorado amakonda kubisalako. Inu ntchito yanu ndi kumbuyo. Foni ikhale m'thumba. Muziwerenga nyambo zanu kawirikawiri, ndipo muziona nsonga za ndodo za pa ngodya. Nyambo yomira ikamasambira bwino, nsonga imanjenjemera mosalekeza. Ikasiya, pakodwa udzu wa m'nyanja kapena pepala la pulasitiki, ndipo palibe nsomba ingagwire. Kulungani, chotsani, bwezerani podutsa m'njira yake yomwe ija.

Pokhota ndi pamene zimaoneka ngati munatchera bwino. Boti likakhotera kumanja, zingwe zonse zimapendekera kumanja, ndipo chachitali chimapendeka kwambiri kuposa chachifupi, chifukwa nyambo yake ikadali m'njira yakale. Nyambo za mkati mwa khotalo zimachepa liwiro n'kumira, za kunja zimathamanga. Ndiye ngati zazitali zili kumanja, kukhotera kumanja kumazitalikitsa ndi zazifupi. Kukhotera kumanzere kumazidutsitsa pamwamba pa zinzake, ndipo apa ndi pamene kukwera kwa outrigger ndi kutsika kwa za pa ngodya kumakupulumutsani. Kulikonse kumene mukhotere, khota likhale lalikulu, lapang'onopang'ono. Mukaona shotgun yagona kwambiri pa outrigger, nenani mokweza kuti a kaputeni awongole. Si mwano. Kaputeni wabwino amafuna wakumbuyo wolankhula.

Mphepo ikamaomba cham'mbali, imakankha zingwe za m'mwamba. Nyambo zolemera ikani mbali imene mphepo ikuchokera, zopepuka mbali imene ikupita, kuti ikazikankha zizipita kunja osati pakati. Nyanja ikavuta kwenikweni, chotsani shotgun kapena outrigger imodzi. Zingwe zitatu zoyenda bwino zimagwira nsomba kuposa zisanu zimene theka la nthawi zili m'manja mwanu mukumasula.

Reel ikalira

Phokoso limenelo limadzidzimutsa aliyense, ndipo ndi nthawi imene boti limasokonekera. Choyamba, tchulani chingwe mokweza: "Long rigger!" A kaputeni asaimitse boti. Liziyendabe masekondi angapo, pa zifukwa ziwiri. Kuyendako kumalimbitsa mbedza m'kamwa mwa nsomba, komanso tuna ndi dorado zimayenda m'magulu, ndiye yachiwiri ndi yachitatu zimagwira nthawi yomweyo. Boti likaima mwadzidzidzi, nyambo zonse zimamira, zingwe zimalefuka, n'kukulungana ndi chingwe cha nsomba, mwinanso ndi injini.

Perekani ndodo kwa mwini wake, kenako tsegulani njira. Yambani ndi chingwe chimene chili panjira ya nsombayo, ndipo kawirikawiri ndi cha pa ngodya ya mbali yomweyo. Kenako ngodya inayo, kenako outrigger. Nsomba ikagwira chingwe chachifupi n'kuthawira kutali, onani ngati chingwe chake chadutsa pansi kapena pamwamba pa chinzake, ndipo dutsitsani ndodo moyenera, iyi pansi iyo pamwamba. Zikagwira ziwiri n'kupingasana, yandikizitsani nsonga za ndodo ziwirizo, mudzaona chimene chili pamwamba. Musalole zingwe ziwiri zolimba kukhulana. Nayiloni ikakhulana imatentha n'kuduka nthawi yomweyo.

Nyambo iliyonse mwakulunga muiike m'ndowa kapena muikoleke pamalo pake. Isagone pansi. Dorado ikalowa m'boti imadzimenyetsa paliponse, ndipo mbedza yogona pansi imathera m'phazi la munthu, pamalo pamene chipatala chili kutali.

Nsomba ikafika pambali, valani magolovesi musanagwire leader. Musakulunge chingwe pa dzanja kapena chala ngakhale kamodzi mpaka wodziwa atakuphunzitsani kagwiridwe kotha kutaya msanga. Nsomba imene mukuiyesa yotopa imatha kudzambatuka, ndipo chingwe chimacheka mpaka fupa, kapena kumukokera munthu m'madzi. Ngowe yachitsulo, imene amati gaff, kolani nayo kumbuyo kwa mutu, mukokere kwa inu kamodzi, nsombayo ipite molunjika m'bokosi. Wahoo ndi couta zimaluma ngakhale zili m'boti, miyendo ikhale kutali ndi kukamwa. Tuna ichotseni magazi msanga n'kuiika pa ayezi. Sailfish ndi marlin maboti ambiri amazibwezera m'madzi zamoyo, ndipo malo ngati Bazaruto, amene ndi otetezedwa ndi boma kuyambira 1971, ali ndi malamulo ake. Funsani a kaputeni za ziphaso ndi chiwerengero cha nsomba zololedwa musanakole chilichonse.

Mukatha, musaponye nyambo mwachisawawa pofuna kufulumira. Boti libwerere pa liwiro, liwongoke, muyambirenso ndi chakutali. Leader imene yagwira nsomba muipapase kaye.

Tsiku la couta ndi lina

Ku gombe la KwaZulu-Natal, kumene kuli mnyamata uja, couta amaiwedza kwambiri ndi nyambo ya nsomba yeniyeni, yamoyo kapena yakufa, yomangidwa pa waya. Pamenepo boti limayenda pang'onopang'ono, ma knot 2 kapena 3, nthawi zina kucheperapo. Musasakanize nyambo zimenezi ndi za siketi. Liwiro limene ya siketi imasewera limang'amba nsomba ya nyambo, ndipo liwiro la nsombayo ya siketi imangolendewera. Sankhani chimodzi.

Poyenda pang'onopang'ono zingwe sizilimba, ndiye zimakolana msanga. Zitatu kapena zinayi ndi zokwanira, ndipo kusiyanitsa kuya ndi kumene kumagwira ntchito: ina pamwamba kutali yopanda cholemetsa, ina pakati ndi mtovu womangirira ndi kalabala, ina pansi pafupi ndi boti ndi mtovu wolemera kapena pa downrigger, chida chotsitsira chingwe pansi pa madzi, ngati ilipo. Yolemera kwambiri ikhale pafupi kwambiri. Buleki ikhale yofewa kuposa ija, chifukwa couta imathawa mwaliwiro ikangogwira ndipo timbedza take ndi tating'ono. Nyambo yakufa muione pambali pa boti. Ikamazungulira ngati chopalasira madzi cha injini, imangeninso. Yozungulira sigwira kanthu, imangopota chingwe chonse.

Mawu awiri pa za nyanja yeniyeniyo. Chiperoni amene amatinyowetsa kuno mu June ndi July amachokera kumeneko, ndipo namondwe Freddy, amene anatigwetsera phiri mu March 2023, anatulukira pa nyanja yomweyo n'kulowera cha ku Quelimane. Ife a ku Mulanje sitifunika kuuzidwa mphamvu yake. Ambirife kusambira kwathu ndi kwa pa Likhubula, pamene mwala uli pafupi. Valani jekete yoyandamitsa, makamaka boti likamadutsa mafunde a m'mphepete potuluka ndi pobwera, ngakhale anzanu akuseke. Mukawerama kumbuyo kukonza chingwe, bondo litsamire boti ndipo dzanja limodzi ligwire chitsulo. Chizungulire chikayamba, yang'anani kutali kumene madzi akumana ndi thambo, muzimwa madzi pang'onopang'ono.

Pobwera kumtunda

Mchere umadya chitsulo usiku umodzi. Mukafika, ndodo, reel ndi nyambo zonse muzitsuke ndi madzi abwino. Potsuka reel buleki ikhale yomanga ndipo madzi akhale owaza, osati a mphamvu, kuti mchere usakankhidwire mkati. Mukapukuta, masulani buleki yonse kuti igone yomasuka. Nyambo za siketi ziume zisanalowe m'chikwama. Chingwe chimene chapotana, dulani nyambo ndi swivel, mawa lake muchikoke chopanda kanthu kumbuyo kwa boti kwa mphindi zingapo, chimawongoka chokha. Zopanira za outrigger zidonthezereni mafuta pang'ono.

Mnyamata uja ndinamuuza kuti mmawa akapite kwa a kaputeni asanafike alendo, akapemphe kuti sabata imeneyo azitchera zitatu zokha, ngodya ziwiri ndi shotgun, ndipo akabwereke sikelo ayeze buleki ya ndodo zonse iwo akuona. Outrigger imodzi adzaonjezere sabata yotsatira, inayo pambuyo pake. Anandifunsa ngati sadzamuyesa waulesi. Ndinati akanene chilungamo, kuti akufuna manja azolowere dongosolo la kutulutsa ndi kubweza, ndipo akafike pa boti ola limodzi ena asanafike, zizindikiro za mamita ataziika kale pa zingwe.